Kubzala ndi Kulera: Kuunika Zolembedwa za Ntchito Yosamalira Chilengedwe m'Sukulu Zaukachenjede

Mawu oyamba

Chaka chilichonse, pakati pa 15 Disembala ndi 15 Epulo pamene dziko lino limakhala pa nyengo yobzala mitengo, sukulu zathu zaukachenjede zimachita mwambo womwe ambiri a ife tinauonapo. Amakhoma tenti, amayala mipando, mlendo wolemekezeka amafika, wophunzira mmodzi amalakatula ndakatulo, kenaka onse amalondolana kupita pa dzenje lomwe linakumbidwa dzulo lake ndi munthu yemwe dzina lake silitchulidwa. Mlendo uja amagwira khasu latsopano, amakwirira mbande, amathirira, atolankhani amajambula ndipo anthu amaomba m'manja. Pakapita masabata angapo pamatuluka lipoti lonena kuti ntchito yosamalira chilengedwe pa sukulupo ikupita patsogolo.

Munthu akabwerera pamalo pomwepo mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kawirikawiri amapeza timitengo tamoyo towerengeka chabe. M'maenje enawo mumakhala tizitsa touma. Mbande zina zinadyedwa ndi mbuzi, zina zinagwa ndi chiswe, zina zinapsa ndi moto wa osaka mbewa. Za mwezi umenewu palibe amalemba lipoti, ndiponso palibe amalakatula ndakatulo.

Cholinga cha chimangirizo chino ndi kuunika zolembedwa zomwe zimaperekeza ntchito imeneyi, zomwe ndi malipoti, zikwangwani, ndakatulo ndi masewero. Ndiziunika monga m'mene timaunikira nkhani iliyonse yolembedwa, pofunsa kuti ampangankhani ndani, akuyankhula ndani, akuyankhulidwa ndani, nanga amene wasiyidwa kunja ndani. Mfundo yanga ndi yakuti zolembedwazi zimadziwa kutamanda kubzala koma sizidziwa kunena za kulera, ndipo chilema chimenechi chimaononga ntchito yeniyeniyo. Zitsanzo zambiri nditenga ku Zomba, komwe sukulu, phiri ndi nyanja zimamwa madzi amodzi.

Gwero la ganizoli ndi dzina lomwe tinalipatsa

Ganizo lakuti sukulu yaukachenjede ikhale chitsanzo posamalira chilengedwe lili ndi mbiri yake. Mu 1987 komiti ya United Nations yomwe inkatsogoleredwa ndi Gro Harlem Brundtland wa ku Norway inatulutsa lipoti lotchedwa Our Common Future. Lipotilo linafalitsa mfundo yakuti anthu a lero azipeza zosowa zawo mosawalanda ana a mawa mwayi wodzapeza zawo. Mu 1990 atsogoleri 22 a mayunivesite anakumana ku Talloires m'dziko la France n'kusayinira mfundo 10 zolonjeza kuti sukulu zawo zidzaphunzitsa ndi kuchita zosamalira chilengedwe. Mu 2010 Universitas Indonesia inayamba kusanja mayunivesite a padziko lonse powapatsa malikisi potengera malo obiriwira, magetsi, madzi, zinyalala, kayendedwe ndi maphunziro. Mu 2015 mayiko anagwirizana zolinga 17 za chitukuko zoti zikwaniritsidwe pofika 2030.

Zonsezi n'zabwino, koma zinabwera ndi kalembedwe kake ka mafomu, malikisi ndi manambala. M'kalembedwe kotere chinthu chomwe chimawerengeka msanga ndicho chimalembedwa. Mbande zimawerengeka tsiku limodzi, pomwe mtengo umafuna zaka.

Mawu a Chingerezi akuti sustainable development tinawamasulira kuti chitukuko chokhazikika. Kumasuliraku sikolakwika, koma kumabisa kanthu. M'Chichewa chinthu chokhazikika ndi chomwe chakhala pansi osagwedezekanso, monga mphika pa mafuwa. Womva mawuwa amaganiza za chinthu chomwe ukachiika wachiika, ntchito yatha. Chonsecho kusamalira nthaka ndi ntchito yobwerezabwereza, ya lero, mawa ndi mkuja. Chiyankhulo chathu chinali kale ndi aneni oyenerera bwino ntchito imeneyi. Pali kusunga mbewu: mayi amasankha chimanga chokhwima bwino n'kuchipachika patsindwi pamwamba pa moto kuti utsi uchiteteze kwa anankafumbwe, ndipo ngakhale njala ivute m'nyumbamo chimangacho sachikhudza. Pali kugoneka munda kuti ukhale tsala, nthaka ipume. Palinso kulera, komwe aliyense amadziwa kuti n'kolemera kuposa kubala. Aneni atatuwa ali ndi mwini, ali ndi nthawi yaitali m'kati mwake, ndiponso ali ndi kudzimana. Kukhazikika kulibe zitatu zonsezi.

Zomwe zachitikadi

Wounika wachilungamo amayamba ndi kuvomereza zomwe zilipo. Chancellor College, yomwe kuyambira mu 2021 inatsala yokha ndi dzina la University of Malawi, inasamukira ku Chirunga mu 1973. Sukuluyi ili m'munsi mwa phiri la Zomba. Madzi omwe mzinda wa Zomba umamwa amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phirilo. Mtsinje wa Mulunguzi ukatsika umathira mu Likangala, ndipo Likangala amakathira m'nyanja ya Chilwa, nyanja yosaya yomwe ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Choncho mtengo ukagwa paphiri, dothi lake limathera ku Chilwa, ndipo msodzi wa matemba, makumba ndi milamba ndiye amalipira.

Akatswiri a pasukuluyi akhala akuiphunzira nyanjayi kwa nthawi yaitali. Kafukufuku yemwe anayamba m'zaka za m'ma 1960 anaona ndi maso kuphwa kwa nyanjayi mu 1968 ndi kudzazanso kwake, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1979 m'buku lomwe anakonza Margaret Kalk ndi anzake. Nyanjayi inaphwanso mu 1995, ndipo madzi anatsika koopsa mu 2012 ndi mu 2018. Mu 2010 bungwe la LEAD, lomwe nthambi yake ya chigawo chino cha Africa inakhazikitsidwa pasukuluyi motsogoleredwa ndi Pulofesa Sosten Chiotha, linayamba pulogalamu yothandiza anthu ozungulira Chilwa kupirira kusintha kwa nyengo. Linagwira ntchitoyi pamodzi ndi WorldFish komanso bungwe lofufuza za nkhalango la FRIM, ndi thandizo la ndalama lochokera ku Norway. Mwa zina, pulogalamuyi inathandiza amayi ogulitsa nsomba kukhala ndi nyumba zoumitsira nsomba ndi dzuwa, zomwe zimachepetsa nkhuni zowambira ndi nsomba zoola. Inathandizanso kukhazikitsa wailesi ya Chanco Community Radio yomwe imaulutsa nkhani za chilengedwe kwa anthu a m'midzi yozungulira.

Sukulu zinanso zili ndi gawo lawo. Mzuzu University imaphunzitsa za nkhalango ndi za mphamvu zochokera ku dzuwa, mphepo ndi madzi. Ku Bunda, komwe tsopano ndi LUANAR, akhala akuphunzitsa za nthaka, mitengo ya m'minda ndi ulimi wa nsomba. Choncho nzeru zilipo, anthu odzipereka alipo, ndipo ntchito yooneka ndi maso yagwiridwa. Dandaulo langa lili pa m'mene nkhani ya ntchitoyi imakambidwira.

Lipoti ngati nthano

Tiyeni tiwerenge lipoti la mtundu umenewu monga tiwerengera nthano. Mpangankhani wamkulu amakhala pulojekiti. Iyo imabadwa pa tsiku lokhazikitsa, imakumana ndi zovuta zingapo zomwe zimalembedwa mwaulemu chakumapeto, imazigonjetsa, kenaka imatha ndalama zikatha. Tsatanetsatane wake ndi wa zaka zitatu kapena zisanu, chifukwa ndiwo moyo wa thandizo. Koma mbawa wa zaka zisanu akadali mwana. Nthano yomwe imatha mwana asanayambe kuyenda siyingatiuze ngati analeredwa bwino. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo pulojekiti nayo ndi mlendo. Mwini mudzi ndi mlonda, wosamalira maluwa, mayi wosesa ndi mfumu ya mudzi woyandikana ndi sukulu.

Chachiwiri, taonani aneni ake. Malipotiwa amakonda msintho wochitidwa: mbande zinabzalidwa, anthu anaphunzitsidwa, migolo ya zinyalala inaikidwa, uthenga unafalitsidwa. M'Chingerezi cha m'maofesi kalembedwe aka kamamveka kaulemu. Tikakatembenuzira m'Chichewa khutu limayamba kufunsa lokha kuti, zinabzalidwa ndi yani? Nanga akuthirira ndani? Mneni wochitidwa amachotsa mwinintchito m'chiganizo, ndipo mwinintchito akachoka m'chiganizo amachokanso pa dzenje. Mtengo ukauma palibe wofunsidwa, pakuti ngakhale papepala unalibe mwini. Nthawi ya aneni nayonso imaulula zambiri. Pali nthawi yakale ya zomwe zinachitika pamwambo, ndi nthawi yam'tsogolo ya zomwe zidzachitike ndalama zikapezeka. Yosowa ndi nthawi ya masiku onse, ya aneni monga amathirira, amapalira, amatchinga, amalambula njira yotchinga moto.

Chachitatu ndi manambala. Sindikudana ndi manambala, koma nambala ya mbande zobzalidwa ili ngati nambala ya anthu obwera ku ukwati: imatiuza kukula kwa phwando, siyitiuza ngati banjalo lidzalimba. Nambala yoona ndi ya mitengo yomwe yadutsa chilimwe choyamba ndi chachiwiri. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Chachinayi, nthano iliyonse imafuna mdani, ndipo m'nthano iyi mdani ndi wootcha makala. Iye amaoneka pa chithunzi ali kutali, akukankha njinga yolemedwa ndi matumba, nkhope yosaoneka. Sapatsidwa mpata woyankhula. Koma makalawo amapita kuti? Kalembera wa mu 2018 anaonetsa kuti mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Ophunzira ambiri a m'sukulu zaukachenjede masiku ano amachita lendi kunja kwa sukulu, monga ku Chikanda ku Zomba, ndipo amadziphikira okha. Magetsi akazima, wophunzira, mphunzitsi ndi wolemba lipoti yemwe onse amakoleza mbaula. Tikukumbukira kuti namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022 dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzima kwa magetsi kunakula mpaka malowo atakonzedwa mu 2023. Lamulo la nkhalango la mu 1997 linakonzedwanso kuti zilango za makala zikhwime, koma chilango sichiphika nsima. Mlembi waluso amadziwa kuti nkhani imakoma pamene woyankhula avomereza kuti naye ali m'gulu la olakwa. Lipoti lomwe limaika wogulitsa makala kutsidya lina la mtsinje, wogula n'kumusiya tsidya lino atavala zoyera, lalephera ngati nthano ndiponso lalephera ngati umboni.

Chiyankhulo cha zikwangwani

Pafupifupi zonse zolembedwa za ntchitoyi zimakhala m'Chingerezi. Chifukwa chake n'chodziwika: wowerenga yemwe mlembi amamuona m'maganizo mwake ndi wopereka ndalama. Zotsatira zake n'zakuti anthu omwe manja awo amagwira dothi sadziwa zomwe zalembedwa za iwo. Bambo yemwe wagwira ntchito ya maluwa pasukulu zaka makumi awiri amadziwa pomwe pali chiswe, pomwe madzi amadikha, ndi mtengo womwe sungapirire pa thanthwe. Nzeru zimenezi sizilowa m'lipoti chifukwa palibe amamufunsa, ndipo lipotilo silimufika chifukwa silili m'chiyankhulo chake.

Chichewa chikaoneka, chimaonekera pa chikwangwani, ndipo chimakhala cholamula: osataya zinyalala pano, osadula mitengo, osadutsa pa kapinga. Kagawidwe ka ntchito kameneka n'kochititsa manyazi. Chingerezi chapatsidwa ntchito yofotokoza, kupereka zifukwa ndi kuthokoza, pomwe Chichewa chapatsidwa ntchito yoletsa. Munthu yemwe nthawi zonse amangoletsedwa osauzidwa chifukwa sakhala mwini wa chinthu.

Ena amati Chichewa chilibe mawu a sayansi. Yankho lili mu Zomba momwemo. Centre for Language Studies, yomwe inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Benedicto Wokomaatani Malunga, mlakatuli yemwe anagwira ntchito zaka zambiri ngati mlembi wamkulu wa yunivesite, anamasulira buku la Chinua Achebe la Things Fall Apart n'kulitcha Chipasupasu. Ngati Chichewa chinasenza Achebe, chingalephere bwanji kusenza masamba anayi ofotokoza kuchuluka kwa madzi omwe akutayika m'mipope yodontha? Wailesi ya Chanco yomwe ndatchula ija ndi umboni wina wakuti nkhani za nyengo zimakambika m'ziyankhulo za anthu, mlimi n'kuyankhapo. Chomwe chatheka pa wailesi chitha kuthekanso papepala.

Ndakatulo ndi masewero a pamwambo

Apa ndiye pamatikhudza ife alembi, ndipo sitiyenera kudzikhululukira. Ndakatulo zambiri zomwe zimalakatulidwa pa miyambo yobzala mitengo zimaumbidwa m'chikombole chimodzi. Mlakatuli amatenga chilengedwe n'kuchipatsa umunthu, kawirikawiri ngati mayi yemwe akulira. Mayiyo amakumbutsa za kale pomwe mvula inkagwa bwino, amadzudzula ana ake, kenaka ndime yomaliza imadzaza ndi mawu akuti tiyeni. Anthu amaomba m'manja chifukwa cha mawu okuluwika ndi kamvekedwe ka liwu, koma akafika kunyumba palibe chithunzi chomwe chatsala m'mutu.

Pali njira yapafupi yoyesera ndakatulo yotere. Chotsanimo mawu akuti mitengo n'kuikamo Edzi kapena katangale. Ngati ndakatuloyo ikuimabe osagwedezeka, ndiye kuti siyinali ya mitengo. Inali chikopa chabe chovekedwa pa mutu uliwonse womwe okonza mwambo apereka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chilema chachikulu cha ndakatulozi n'chakuti sizitchula mtengo ndi dzina. Zimangoti mitengo, ngati kuti yonse ndi imodzi. Chonsecho mtengo uliwonse uli ndi khalidwe lake lomwe lingapatse mlakatuli zonena. Nsangu imayoyola masamba nthawi ya dzinja pamene inzake ikuphuka, ndipo chifukwa cha ichi chimanga chimakondwa pansi pake. Msuku umakula pang'onopang'ono ndipo sulola kusamutsidwa wamba. Mbawa amakonda m'mbali mwa mtsinje. Bulugamu amakula msanga n'kupereka milimo ndi nkhuni, koma ndi chidakwa cha madzi, kotero kuti womubzala pa kasupe amadzalira. Mkungudza, mtengo wa fuko lathu, umamera mwachilengedwe pa phiri la Mulanje pokha, ndipo watsala pang'ono kutheratu. Mlakatuli yemwe sadziwa kusiyana kumeneku sangathe kufunsa funso lofunika pamwambo, lakuti, kodi mbande yomwe bwana wagwirayo ndi yoyenera malo ano?

Kusowa kwa chitsanzo si chifukwa chomwe tingapereke. Steve Chimombo, yemwe anaphunzitsa ku Chancellor College ndipo anatisiya mu 2015, anatenga Napolo, chinjoka chomwe anthu amati chimasamuka m'phiri pogumula nthaka, n'kumangapo ndakatulo zake zomwe zinatuluka mu 1987 m'buku la Napolo Poems. Napoloyo anali ndi malo ake ndi chaka chake: madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Zomba mu Disembala 1946, n'kupha anthu ndi kukokolola milatho. Oimba a Paseli Brothers anaimbanso za tsoka lomwelo. Chimombo analemba m'Chingerezi, ndipo Napolo wake ankanenanso za ndale za nthawi ija, koma phunziro lake kwa ife ndi lakuti ndakatulo imaluma ikakhala ndi phiri lenileni, mtsinje weniweni ndi mantha enieni. Iye sanalamule owerenga kuti achite chakuti. Anawaonetsa chinthu, iwo n'kunjenjemera okha.

Masewero nawonso atsika. M'zaka za m'ma 1980 Christopher Kamlongera ndi David Kerr pamodzi ndi ophunzira a Travelling Theatre ankapita m'midzi, monga ya ku Liwonde, kukachita masewero omwe anthu a m'mudzi ankalowamo, kutsutsa, kusintha mathero ndi kutchula okha chomwe chikuwavuta. Sewero lambiri la pamwambo wa lero ndi ulaliki wovala zisanza: pali mbuli yodula mitengo, pali wophunzira wodziwa zonse, ndipo pomaliza mbuliyo imalapa. Oonerera amaseka mbuliyo, osazindikira kuti akuseka amalume awo omwe amawalipirira fizi ndi ndalama ya makala. Nkhani ya majumbo opyapyala, omwe boma linaletsa mu 2015 ndipo bwalo lalikulu la apilo linavomereza chiletsocho mu 2019, milandu n'kupitirirabe zaka zina, ili ndi zonse zomwe sewero labwino limafuna: mwini fakitale, wantchito woopa kuchotsedwa, mayi wogulitsa mandasi, mbuzi yofa ndi jumbo m'mimba, ndi woweruza. Ochita masewero akadali ndi ngongole pa nkhani imeneyi.

Nkhalango zomwe zili ndi mwini

Aliyense woyenda m'chigawo chapakati amaona kuti pomwe mitengo yachilengedwe yatsala yowirira ndi pamanda. Ku Nsanje nkhalango ya Khulubvi, komwe kuli kachisi wa Mbona yemwe Matthew Schoffeleers analemba mbiri yake m'buku la River of Blood mu 1992, yakhala ikutetezedwa ndi miyambo kwa mibadwo yambiri. Phiri la Bunda, lomwe linapereka dzina ku sukulu ya zaulimi ija, linali malo opempherera mvula. Sindikunena kuti tibwerere ku zonse zakale, ndiponso sindikunena kuti makolo sankadula mitengo. Chomwe ndikuona n'chakuti nkhalango zimenezi zili ndi zinthu ziwiri zomwe mbande za pamwambo zilibe. Zili ndi mwini wodziwika ndi dzina, yemwe amafunsidwa mtengo ukagwa. Zilinso ndi nkhani yomwe aliyense m'mudzi amaidziwa ndipo amaifotokozera ana ake. Palibe chikwangwani pamanda, koma nkhwangwa siyifikapo wamba. Apa tikuona kuti nkhani yokambidwa bwino ndi mpanda, ndipo kumanga mpanda wotere ndi ntchito ya alembi.

Yankho kwa otsutsa

Wina anganene kuti ndikufuna zosatheka, pakuti lipoti si ndakatulo, ndipo wopereka ndalama amafuna manambala pa nthawi yake. Ndikuvomereza. Popanda malipoti amenewa nyumba zoumitsira nsomba za ku Chilwa sizikanamangidwa. Ndikuvomerezanso kuti wophunzira wopemphedwa ndakatulo Lachitatu kuti alakatule Lachisanu sangachite zozizwitsa. Koma zomwe ndikupempha sizifuna ndalama zambiri. Zimafuna kusintha funso. M'malo mofunsa kuti tabzala ingati, tifunse kuti yatsala ingati, yafa chifukwa chiyani, ndipo akuilera ndani. Lipoti loyankha mafunso amenewa limathandiza wopereka ndalama kuposa lomwe limangomusangalatsa, chifukwa limamuuza pomwe ndalama yake ikudontha.

Mawu omaliza

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri m'chigawo chakummwera. Matope anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu midzi inakokoloka. Anthu oposa 600 anafa ndipo ena oposa 500 anasowa. Si mtengo wokha womwe ukanaletsa mvula yoopsa chotere, koma phiri lometedwa siligwira dothi monga phiri lovala. Sukulu yomwe ili m'munsi mwa phiri, monga ya ku Chirunga, siyingatenge nkhani ya mitengo ngati yokongoletsera malo. Ndi nkhani ya madzi akumwa ndi ya miyoyo.

Choncho ndikupereka maganizo atatu. Loyamba, sukulu iliyonse yomwe imachita mwambo wobzala mu Januwale ichitenso mwambo wowerenga mu Okutobala. Mlendo wolemekezeka yemwe uja aitanidwenso, ayende dzenje ndi dzenje, ndipo woyankhula wamkulu tsiku limenelo akhale wosamalira maluwa. Lachiwiri, lipoti lililonse likhale ndi masamba ochepa m'chiyankhulo cha anthu ozungulira sukuluyo, Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka, olembedwa ndi aneni omwe ali ndi eni ake, ndipo awerengedwe pamaso pa mafumu ndi antchito. Lachitatu ndi la ife a m'bungwe la alembi. Tisanalembe ndakatulo ina ya mayi wolira, tipite kukacheza ndi wootcha makala, timufunse mtengo wa thumba, mtunda womwe amakankha njinga ndi chomwe amaopa. Tipite kwa mayi wa ku Kachulu atiuze m'mene Chilwa amanunkhira akamaphwa. Tiphunzire mayina khumi a mitengo ya kwathu ndi khalidwe la uliwonse.

Mbande ikapirira chilimwe choyamba mizu yake imakhala yayamba kufika pa chinyontho, ndipo ikapirira chachiwiri munthu atha kuyamba kuitchula kuti mtengo. Pakati pa tsiku la khasu latsopano ndi tsiku limenelo pali miyezi yambiri ya ndowa, minga yotchingira mbuzi ndi phulusa lothamangitsira chiswe. Miyezi imeneyi ndiyo ikudikira mlembi.